Kodi Ndalama za Msonkho Zilipire Mbiri ya Mudzi?

1. Funso lathu

Anzathu ophunzira, aliyense wa ife amapereka msonkho. Mai wogulitsa matimati pamsika amalipira citupa ca tsiku. Bambo amalipira msonkho wa pacaka kuboma. Wogula citenje, nsapato kapena wailesi m'sitolo amaperekanso msonkho wobisika mu mtengo, umene amauchula IVA. Ndalama zonsezi zikasonkhana pamodzi timati ndi ndalama za boma. Koma eni ake ndi anthu. Boma ndi msungi cabe.

Msungi akagula mankhwala, palibe wodandaula. Akakumba mjigo, akamanga mlatho, akalipira mphunzitsi, tonse timati wacita bwino. Koma pali nchito inanso imene boma limalipira. Limatuma anthu m'midzi kukafunsa nkhalamba mbiri yakale. Limalipira olemba mabuku m'Cinyanja, m'Ciyao, m'Cinyungwe ndi m'zinenero zina. Limamanga nyumba zosungiramo makalata akale ndi zipangizo za makolo. Limathandiza magule, nyimbo ndi nkhani za pawailesi. Anthu a sukulu zapamwamba amati awa ndi maphunziro a za umunthu, cifukwa amafunsa kuti munthu ndani, anacokera kuti, amalankhula bwanji, ndipo cabwino ndi coipa amazisiyanitsa motani.

Funso lathu ndi ili: pamene cipatala cikusowa mankhwala, ndipo ana ena akuphunzirira pansi pa mtengo, kodi n'cilungamo kuti ndalama za anthu zilipire nchito yotere?

2. Timve kaye wotsutsa

Pabwalo sagamula mlandu asanamve mbali zonse. Conco timve kaye munthu amene akukana.

Iye akuti: "Mbiri sadya. Mwana akatentha thupi ndi malungo usiku, nthano siimuciritsa. Mlatho ukakokoloka, gule saolotsa cimanga kupita naco kumsika. Makolo athu ankasunga mbiri yao popanda malipiro. Agogo ankasimba nthano pamoto, anamkungwi ankalangiza anamwali, ndipo panalibe wopita kuboma kukapempha ndalama. Nanga lero cavuta n'ciani? Ndiponso ndalama zimenezi sizifika kumudzi. Zimathera m'matauni, pa mafuta a galimoto ndi pa cakudya ca misonkhano. Ife amangotiitana kukavina mlendo wamkulu akabwera. Timadikira padzuwa kuyambira m'mawa. Tikavina pang'ono mlendo amakwera galimoto, ife n'kubwerera wapansi ndi njala."

Awa si mau a munthu wopusa. Muli coona cambiri. Moyo wa munthu ndiwo uli patsogolo. Caka ca njala kapena ca kolera, ndalama ziyenera kuthamangira ku cakudya ndi mankhwala. Wonena zosiyana ndi izi alibe cisoni. N'zoonanso kuti ndalama zochedwa za cikhalidwe zikhoza kutha osathandiza mudzi ngakhale umodzi.

Koma wotsutsayo waphonya pa zinthu ziwiri. Akuganiza kuti mbiri idzadzisunga yokha monga kale. Akuganizanso kuti mbiri ilibe nchito pa moyo wa lero. Tiyeni tione zonse ziwiri.

3. Nkhokwe zakale zinagwa

Kale mbiri inali ndi nkhokwe zake. Nkhokwezo zinali bwalo, mphala, tsimba, dambwe ndi moto wa madzulo. Mwana ankakulira pafupi ndi agogo ake, m'mudzi womwe agogowo anabadwira. Ankamva nkhani imodzi kambirimbiri mpaka ikhazikike m'mutu.

Zimenezi zinasokonezeka. M'nthawi ya Apwitikizi amuna ankagwidwa kupita ku cibalo. Ena ankathawira ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni. M'madera ambiri mabanja ankakakamizidwa kulima thonje. Kenaka kunadza nkhondo ya ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974. Itatha iyo kunadzanso nkhondo ina yaitali, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Midzi inapsa, mabanja anabalalika, nkhalamba zambiri zinafera kucilendo. Ana obadwira m'misasa anabwerera kwao osadziwa ngakhale pamene pali manda a agogo ao.

Lero acinyamata amapita ku Tete, ku Beira ndi ku Nampula kukafuna nchito. Otsala kumudzi amaceza ndi wailesi ndi foni madzulo. Izi sizoipa mwa izo zokha. Koma tivomereze kuti mwana wa lero samvanso zonse zimene agogo ake akudziwa.

Tsono taonani kusiyana kwake. Mlatho ukacedwa caka cimodzi timavutika, koma caka ca mawa ukhoza kumangidwa, pakuti simenti idzapezeka. Mai wa zaka 85 amene anaona cibalo ndi maso ake sangadikire kuti dziko liyambe lalemera. Akapita, palibe sitolo yogulitsa zimene ankadziwa.

Mlimi wanzeru sadya mbeu yonse ngakhale njala itavuta. Amapatula zitsononkho zocepa, nazipacika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Mbeu ndi yocepa poiyerekeza ndi nkhokwe yodzaza. Nchito yosunga mbiri nayonso imafuna zocepa poiyerekeza ndi mseu kapena cipatala. Imafuna makope, zolembera, makina ojambulira mau, njinga, ndi malipiro a munthu wodziwa kufunsa ndi kumvetsera.

4. Zimene dziko lathu linayesa

Dziko la Mozambiki linayamba nchito iyi lili losauka kwambiri. Pa ufulu, mu 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 inayamba nchito yaikulu yophunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba m'dziko lonse. Caka comweco kunacitika cikondwerero ca magule a dziko lonse. Magulu anavina kuyambira kumidzi, kumaboma, kuzigawo, mpaka ku Maputo. M'zaka zimenezo boma linatumanso anthu m'zigawo kukalemba magule, nyimbo, zoimbira, malo opatulika ndi mbiri ya anthu.

Zimene anasonkhanitsa zinafuna posungira. N'cifukwa cake mu 1983 kunayamba ARPAC, nyumba yosunga ndi kufufuza za cikhalidwe. Mu 1993 boma linaikhazikitsa ndi lamulo, ndipo inatsegula nthambi m'zigawo. Mu 1988, nkhondo ili mkati, kunapangidwa lamulo nambala 10/88 loteteza cuma ca cikhalidwe, cogwirika ndi manja ndi cosungidwa m'mutu comwe. Caka comweco akatswiri a zinenero anakumana ku Maputo kuti agwirizane za kalembedwe ka zinenero zathu. Cinyanja cinali cimodzi mwa izo.

Kodi nchito yotere ili ndi phindu lanji kwa munthu wa khasu? Tichule mapindu atatu.

5. Phindu loyamba: malo

Nkhondo itatha, anthu obwerera anapeza minda itamera chire. Ndani akanadziwa malire? Ankadziwa ndi nkhalamba. Zinkati: malire athu ndi mtsinje uwu, culu ico, ndi mtengo wa mbawa uja.

Lamulo la malo la mu 1997 linalemekeza nzeru imeneyi. Linanena kuti anthu okhala pamalo motsata mwambo wa makolo ali ndi ufulu pa malowo ngakhale alibe cikalata. Linanenanso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi omwe, ndi wolandirika. Nanga umboni umenewo n'ciani? Ndi mbiri. Ndani anayamba kuswa mphanje pano? Anampatsa malo ndani? Manda akale ali kuti? Kacisi wopempherera mvula anali pati?

Mafunso awa amafika mwadzidzidzi. Ku Moatize, mu 2009 ndi 2010, mabanja mazanamazana anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti pamalo pao pakumbidwe malasha. Tsiku lotere likafika, mudzi umafunsidwa kuti minda ndi ingati, ndi ya yani, ndipo manda ndi angati. Mudzi umene unalemberatu mbiri yake, ndi maina ndi malire, umafika pamsonkhano uli ndi kanthu m'manja. Mudzi umene nkhalamba zake zinapita osasiya mau umangomvera zonena alendo.

Wina afunsa kuti: kodi mau a pakamwa ndi odalirika? Nkhalamba imaiwala, ina imakometsa. N'zoona. N'cifukwa cake pamafunika munthu wophunzira kufunsa anthu ambiri ndi kuyerekeza mau ao. Angoni a Zwangendaba anauza ana ao kuti tsiku limene anaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Patapita zaka zambiri, odziwa za kuthambo anawerengera, napeza kuti kadamsana anaoneka m'dera limenelo mu Novembala 1835. Nkhalamba zinasunga cizindikiro, a sukulu anapeza caka. Nzeru ziwirizi zikakumana, coona cimalimba.

6. Phindu laciwiri: maina a akufa

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la Apwitikizi anapha anthu a ku Wiriyamu ndi a midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Anapha amuna, akazi ndi ana. Ansembe a ku Spain amene ankagwira nchito m'deralo anamva mau a opulumuka. Analemba tsiku, malo ndi maina a akufa. Pa 10 Julayi 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anatulutsa nkhaniyi m'nyuzi ya The Times ku London. Boma la ku Lisboa linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Koma maina anali atalembedwa kale.

Patapita zaka, Mustafah Dhada, wofufuza mbiri wobadwira m'dziko lathu lino, anayenda m'midziyo kufunsa opulumuka. M'buku lake la mu 2016 anasonyeza kuti akufa anali osacepera 385. Mu Seputembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, anapepesa za mlanduwu ali ku Maputo. Panali patapita zaka pafupifupi 50.

Ansembe aja sanatumidwe ndi boma. Analemba mwa kulimba mtima kwao. Koma ndi midzi ingati imene inaona zoopsa m'nkhondo zonse ziwiri popanda wolemba? Munthu wophedwa, dzina lake n'kuiwalika, walakwiridwa kawiri. Coona ca akufa athu cisadalire mwai woti padutse mlendo wacisoni. Dziko lokha liyenera kukhala ndi anthu ake a nchito imeneyi.

7. Phindu lacitatu: cinenero

Maphunziro a akulu a mu 1978 ankacitika m'Cipwitikizi. Mlimi wa ku Angónia kapena msodzi wa ku Metangula ankasenza mitolo iwiri nthawi imodzi: kuphunzira zilembo ndi kuphunzira cinenero cacilendo. Ambiri anatopa panjira. Ana a sukulu nawonso ankavutika cimodzimodzi.

Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa njira ina m'sukulu zocepa. Ku Tete ana anayamba kuphunzira m'Cinyanja, ku Gaza m'Xichangana, kenaka n'kulowa m'Cipwitikizi pang'onopang'ono. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kulowa m'sukulu za m'zigawo zina. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004 ananena kuti boma lilemekeze zinenero za dziko ngati cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro.

Zonsezi sizikanatheka popanda anthu amene anakhala pansi kuganizira mau. Wina anayenera kusankha kalembedwe ka liu loti ng'ombe ndi loti nchito. Wina anayenera kusonkhanitsa miyambi, nthano ndi maina a mitengo. Wina anayenera kulemba buku ndi kulisindikiza. Tsamba mukuwerengali ndi cipatso ca nchito yotere.

Ndipo taonani, nchito imeneyi imathandiza cipatala comwe. Uthenga wa kolera ukamveka pawailesi m'Cinyanja comveka bwino, mai amadziwa cocita ndi madzi akumwa. Ukamveka m'cinenero cimene sakucidziwa, uthengawo wataika ngakhale boma linaulipira. Amene amaika mankhwala kumbali iyi ndi cinenero kumbali iyo aiwala kuti namwino ndi wodwala amakumana pa mau.

8. Cifukwa ciani ndalama za onse?

Wina anena kuti: cabwino, nchitoyo ndi yofunika, koma ailipire amalonda kapena alendo ofuna kutithandiza.

Wamalonda amagulitsa cinthu cimene cili ndi wogula. Akhoza kujambula gule wokondweretsa alendo. Koma sangalipire munthu woti alembe malire a minda ya mudzi wa kutali, kapena maina a ophedwa pankhondo, cifukwa mulibe phindu la ndalama. Alendo othandiza amabwera zaka zocepa, amasankha zimene iwo akonda, ndipo ndalama zikatha amapita.

Pali zinthu zimene zimathandiza aliyense koma zilibe mwini mmodzi. Citsime ca mudzi, njira ya kumanda ndi bwalo la milandu n'zotere. Zinthu zimenezi timazisamala pamodzi. Munda ukakula, makolo ankaitana dima, aliyense n'kubwera ndi khasu lake. Msonkho ndi dima ya dziko lonse. Mbiri ndi cinenero ndi munda wa tonse, conco ziyenera kulimidwa ndi khasu la tonse.

Maiko ena anakumana ndi funso lomweli. Ku America, m'zaka za m'ma 1930, kunagwa umphawi waukulu, ndipo anthu mamiliyoni analibe nchito. Boma linalemba anthu omanga miseu ndi milatho, koma linalembanso anthu odziwa kulemba. Kuyambira 1936 mpaka 1938 iwo anafunsa nkhalamba zimene zinabadwira mu ukapolo, umene unatha mu 1865. Analemba nkhani zoposa 2,300, ndipo zikuwerengedwa mpaka lero. Akanati adikire kuti umphawi uyambe watha, akanapeza manda okhaokha.

Palinso nkhani ya cilungamo pakati pa zigawo. Nyumba yaikulu yosunga makalata a mbiri ya dziko, imene inayamba mu 1934, ili ku Maputo. Mlimi wa ku Tsangano, wa ku Zumbo kapena wa ku Lago sangafikeko cisawawa. Komatu naye amapereka msonkho. Ndalama zake zikangomanga nyumba zokongola ku likulu, ndiye kuti wosauka akudyetsa wokhuta. Nchito ya mbiri iyenera kukhala m'zigawo ndi m'maboma, kumene kuli eni mbiriyo.

9. Ngozi yake

Tisabise ngozi. Msungi wa ndalama akhoza kufuna kuti mbiri imutamande iye yekha. Akhoza kusankha zokumbukira ndi zoiwala.

Zimenezi zinacitikapo. Ufulu utangofika, mafumu anacotsedwa pa udindo ponena kuti anali anchito a atsamunda, ndipo miyambo ina inanenedwa kuti ndi ya mumdima. Mu 2000 boma linawavomerezanso atsogoleri a m'midzi ndi lamulo nambala 15/2000. Gule wamkulu anadedwa ndi amishoni kwa zaka zambiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika pakati pa cuma camtengo wapatali ca anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la Mozambiki, Malawi ndi Zambia, pamodzi ndi timbila ya Acopi. Cinthu cimene akulu a lero akucinyoza, a mawa akhoza kucifuna. N'cifukwa cake wolemba mbiri alembe zonse zimene wamva, zokoma kwa olamulira ndi zowawa zomwe.

Ife eni mudzi tilinso ndi ngozi yathu. Timafuna kumva kuti makolo athu anali abwino pa zonse. Koma ena mwa iwo ankagulitsa anzao mu ukapolo. Miyambo ina inkakwatiwitsa ana aang'ono, ndipo mu 2019 dziko linaletsa ndi lamulo ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Kusunga mbiri sikutanthauza kubwerera ku zonse zakale. Tikadziwa zimene zinacitika, timatha kupeta ngati mai wa licero: ufa kuno, gaga uko. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mbiri yoona imatsina khutu boma ndi mudzi womwe.

Pali zina zimene eni ake safuna kuti zilembedwe, monga za kudambwe ndi za kutsimba. Wofufuza alibe ufulu wozilanda cifukwa coti watumidwa ndi boma. Apemphe. Akakanizidwa, alemekeze.

10. Miyeso itatu

Tsono tingadziwe bwanji kuti ndalama zagwira nchito yoyenera? Nayi miyeso itatu imene munthu aliyense angayese nayo.

Muyeso woyamba: kodi zimene anatenga zabwerera? Munthu akabwera kudzajambula mau a agogo, napita nawo ku Maputo kapena kunja, ife osaonanso kanthu, ameneyo watikolola ngati munda wopanda mwini. Mbeu yosungidwa m'nkhokwe ya kutali siimera m'munda mwathu. Zolembedwazo zibwerere m'cinenero cathu. Zikhale kusukulu, kwa amfumu ndi pawailesi ya m'dera lathu, kuti mwana aliyense azipeze.

Muyeso waciwiri: ndani akufunsa, ndipo akufunsa yani? Ku America kuja ofunsa ambiri anali azungu, ndipo nkhalamba zina zinaopa kunena nkhanza zonse za ukapolo pamaso pao. Munthu amamasuka kwa womudziwa ndi wolankhula cinenero cake. Conco ana a m'dera lomwelo aphunzitsidwe nchitoyi ndipo alipidwe. Afunse amfumu, koma afunsenso amai, obwera, amasiye ndi amene anali mbali ina pankhondo. Mbiri ya banja lacifumu lokha ndi theka la mbiri.

Muyeso wacitatu: kodi ndalama zaoneka poyera? Anthu auzidwe kuti zinabwera zingati ndipo zagula ciani. Pamisonkhano ya kuboma, nthumwi za midzi zifunse za ndalama za cikhalidwe monga zifunsira za mjigo. Ngati zonse zathera pa phwando la tsiku limodzi, ovina n'kubwerera ndi njala, wotsutsa uja wapambana mlandu. Ngati zasiya buku, mau ojambulidwa ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa nchito, ndalamazo zabala.

11. Yankho ndi gawo lathu

Yankho lathu ndi ili. Inde, n'cilungamo kuti gawo la msonkho lilipire mbiri, zinenero ndi magule a m'zigawo. Likhale gawo locepa, monga mbeu, koma lisasowe caka ndi caka. Pakagwa tsoka, moyo wa anthu utsogole. Koma mau oti tidikire mpaka umphawi uthe ndi mau otaya zonse, cifukwa nkhalamba sizidikira. Ndipo ndalamazo zipite ndi ngongole yake: zotengedwa zibwerere, coona cinenedwe, eni dera agwire nchito.

Nanga ife tidikire boma? Iai. Mutu umodzi susenza denga. Inu amene mukuphunzira kulemba muli ndi cida cimene agogo anu analibe. Kope limodzi ndi pensulo n'zokwanira kuyamba. Khalani pansi ndi nkhalamba ya m'mudzi mwanu. Pitani mwaulemu, musafulumire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani dzina la wolankhula, tsiku ndi malo. Lembani monga wanenera, osakometsa. Mukatha, muwerengereni kuti akonze pamene mwaphonya. Mawa funsaninso wina nkhani yomweyo.

Mukatero, tsiku limene anthu a boma adzafika ndi makina ao adzapeza mudzi wodziwa cuma cake. Mudzakambirana nawo ngati eni, ndipo mudzatha kufunsa kuti: zimene mukutengazi zidzabwerera liti? Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Kuti agonere, payenera kukhala wowasunga.

Mafunso okambirana

1. Chulani misonkho imene anthu a m'mudzi mwanu amapereka. Kodi mumadziwa kumene ndalamazo zimapita?

2. Pa mau a wotsutsa uja, ndi ati amene mukugwirizana nawo? Ndi ati amene mukukana? Perekani zifukwa.

3. Kodi m'dera lanu munabukapo mlandu wa malire umene unatha cifukwa ca umboni wa nkhalamba? Ukanatha bwanji nkhalambayo ikanakhala itamwalira?

4. Kodi kunabwerapo anthu odzajambula magule kapena kufunsa mbiri kwanu? Kodi zimene anatenga zinabwerera?

5. Ndi zinthu ziti zimene ziyenera kulembedwa, ndipo ndi ziti zimene eni ake ali ndi ufulu wozibisa? Ndani ayenera kugamula?

6. Boma litapatsa dera lanu ndalama zocepa za cikhalidwe caka cino, mungayambe ndi nchito iti?

Nchito yolemba

Funsani munthu wacikulire mafunso atatu awa: Mudzi wathu unayamba ndi yani? Anthu ake anacokera kuti? Dzina la mudzi litanthauza ciani? Lembani mayankho m'mizere isanu. Bwerani nawo m'kalasi, muwerenge mokweza, ndipo muyerekeze ndi zimene anzanu apeza. Pamene mayankho asiyana, musafute. Lembani onse awiri, ndi dzina la wonena aliyense.